Lekodi ya Amalume ndi Madzi a Pachitsime

Makina otsukira malekodi ndinawafukata ngati khanda mu daladala, minibasi ya kuno, kuchokera ku Ilala mpaka ku Mbezi, mtima uli dyokodyoko. Ndinasankha othira madzi n'kuwayamwanso okha. Wogulitsa ananenetsa kuti ndizithiramo madzi a batire basi, koma ine kudikira? Nditangofika ndinathiramo a pachitsime chathu, amchere aja, n'kuikapo lekodi ya kwaya imene amalume anabwera nayo kuchokera ku Malawi. Makina akulira, ine ndikuvina.

Itauma inatuwa mbuu. Titaiika pa galamafoni inathetheka ngati chimanga chokazinga.

"Mphwanga, kuthetheka kumeneku bwanji?" anafunsa amalume.

"Ndi makina amakono, amalume. Akubweza mawu ake akale enieni," ndinanama osaphethira.

"Eyaa! Ndi mmene inkamvekera kwathu!"

M'mawa mwake ndinagula madzi a batire n'kuitsukanso mobisa, mpaka inayera, mawu onse n'kumveka bwino. Lamlungu amalume anaitana anzawo a kutchalitchi kuti adzamve zodabwitsa. Amalume anatchera khutu pang'ono, kenaka n'kundiyang'ana.

"Iwe, mawu akale aja apita kuti? Kaitsukenso ngati poyamba paja."

Mpaka lero sindinawauze.