Mayi Nachisale a ku ofesi ya ophunzira akunja

Mayi Nachisale, lero mwana wa mlongo wanga kuno ku Mualadzi wapeza bolsa, thandizo la ndalama zokaphunzirira ku Malawi, kumene ndinaphunzira ine. Wandifunsa kuti, "Atsibweni, akandilandira ndani kumeneko?" Ndatulutsa foni kuti ndimupatse nambala yanu, kenako ndakumbuka kuti patha chaka chimwalirireni inu.

Tsiku langa loyamba ndinaima pakhomo pa ofesi yanu, mapepala a Chingerezi ali m'manja, osamvapo kanthu. Munati, "Wa ku Mozambiki, khala pansi tiwerengere limodzi." Titamaliza munasenza chikwama changa mpaka kuchipinda chimene anandipatsa. Mphamvu zonse zija zinapita kuti? Ena akuti unali mtima, ena akuti ngozi ya pamsewu, ndipo manda anu sindinawaone. Ndiyambe bwanji kulira pamene mtima wanga ukuti mukadali kuntchito?