Chigayo cha Mwezi cha ku Sandton

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali wanzeru kuposa anthu onse a m'nyumba yathu ya lendi ku Yeoville. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Chingerezi changa chinkatulukira m'mphuno, ndipo kusukulu anali atangondimata kanyenyezi ka pepala m'kope chifukwa chotchula mapulaneti onse osapuma. M'nyumbamo tinkakhala mabanja asanu ochokera ku Machinga ndi ku Mangochi, banja lililonse chipinda chake, khitchini imodzi, bafa limodzi, ndi mikangano yokwanira tonse. Pa anthu onsewo ndine ndekha amene ndinkadziwa kuti dziko limazungulira, ndipo ndinkaonetsetsa kuti aliyense wadziwa kuti ndikudziwa.

Ababa anga, a Saidi, anagwira ntchito zaka zambiri m'sitolo ya nsalu ya mmwenye wina ku Fordsburg. Kumeneko tsiku la Idi silinkafuna kupempha. Mwezi ukaoneka, mwini sitoloyo, Msilamu mnzawo, ankakhoma chitseko, aliyense n'kupita kukaswali. Sitoloyo itagwa, ababa anapeza ntchito ya m'nyumba ku Sandton kwa mzungu wina wokalamba wokhala yekha. Alonda a mumsewu umenewo ankamutcha Bwana Sikelo, chifukwa ankayeza chilichonse, kuyambira masamba a tiyi mpaka kutalika kwa kapinga. Ramadani inawapeza ababa ali ndi miyezi inayi yokha pantchitoyo. Chitulukire kujando anali asanaphonyepo swala ya Idi, ndipo tsopano, kwa nthawi yoyamba, ankayenera kuchita kupempha tsikulo kwa munthu. Chingerezi chawo chinali cha yesi ndi sole basi, choncho Loweruka lina ananditenga kuti ndikawalankhulire.

M'nyumba ya Bwana Sikelo munkanunkhira polishi, fodya wa m'kaliwo ndi mabuku akale. Tinamupeza m'chipinda chowerengera, ndipo ine ndisanamuone iye ndinaona chinthucho. Chinali patebulo lakelake, chovindikiridwa ndi galasi. Pakati pake panali mpira wamkuwa waukulu ngati lalanje, ndiwo unali dzuwa. Kumapeto kwa kamkono kachitsulo kunali dziko, laling'ono ngati dzira la nkhuku, lopendekeka pang'ono, mayiko ake ojambulidwa ndi utoto wofwifwa. Pambali pa dzikolo panali mwezi, kanthu koyera kofanana ndi nzama. Pansi pake panali magudumu a mano okhaokha, ena aakulu ena aang'ono, olumanalumana, ndi mbale yozungulira yolembedwa miyezi ndi masiku. M'mbali munatuluka chogwirira chopukusa. Bwanayo anali ndi dzina lake lachizungu la chinthucho, koma ababa ankangoti chigayo cha mwezi. Ntchito yawo inali kuchisasa fumbi ndi kabulashi kofewa Lolemba lililonse, ndipo kukhudza chogwirira chija kunali koletsedwa.

Ndinafotokoza pempho lathu mwaulemu wonse umene sukulu inandipatsa. Bwana anatenga pensulo n'kufunsa kuti ndi tsiku liti. Ababa anati likhoza kukhala Lachinayi, likhozanso kukhala Lachisanu, zitengera kuti mwezi waoneka liti. Nditamasulira zimenezo, mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Anati sabata yomweyo akufuna kuitana anzake okonda zinthu zakale kudzadya nkhomaliro, mwina Lachinayi mwina Lachisanu, ndipo akufuna kuwaimbira mafoni lero lomwe. Sangadikire kuti anthu akakwere padenga kukasaka mwezi ngati mbuzi yosochera, pamene anthu ophunzira anathana nayo nkhaniyi zaka mazana awiri zapitazo.

Ndiyeno anachotsa galasi lija. Anayang'ana m'kabuku kena, nakonza kamwezi kaja ndi zala ziwiri, n'kuyamba kupukusa. Magudumu analira ketekete, dziko linayamba kuzungulira palokha uku likuyenda mozungulira dzuwa, ndipo kanzama kaja kankathamanga m'mbali mwake kosagwa. Ndinaiwala kutseka pakamwa. Zonse zimene aphunzitsi ankavutika kujambula ndi choko zinali kuyenda pamaso panga, zonyezimira, zomvera dzanja la nkhalamba ya zigamba m'zigongono. Anaima pamene mwezi unalowa pakati pa dziko ndi dzuwa, naloza kamuvi pa mbale ija: Lachitatu. Mwezi watsopano Lachitatu, ndiye kuti phwando lanu Lachinayi, alendo anga Lachisanu. Anatero akupukuta zala pa mpango, ngati munthu amene wangothetsa mkangano wa pamsika.

Ababa anandikoka dzanja. "Iwe Asiyatu, uwauze abwanawa kuti alendo awo awaike Loweruka kapena Lachiwiri. Masiku awiriwa awasiye kaye. Ine ndidzatenga limodzi lokha."

Pempholi linali laling'ono, ndipo mwina mzunguyo akanavomera. Sindidzadziwa, chifukwa sindinalifikitse. Ndinachita manyazi. Munthu wangotionetsa thambo lonse patebulo, ndiye ine ndiyambenso zoti tikayang'ane kaye kumwamba?

"Ababa, palibe chifukwa," ndinatero. "Imeneyi ndi sayansi. Simaphonya."

"Iwe wakusukulu, waona bwinobwino?"

"Ndaona. Ndi Lachinayi."

Anayang'ana chigayocho, anayang'ana ine, nagwedeza mutu kuvomera. Bwana Sikelo analemba pakalendala ya pakhoma, n'kuwonjezera kuti Lachisanulo akufuna munthu wake pageti seveni koloko, popeza amene analipo kale anachotsedwa chifukwa cha matenda ochedwa.

Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo, koma ine ndinamanga ya zipinda zisanu. Madzulo omwewo, anthu atangomasula swaumu, kusala kwa tsikulo, ndinaitana nyumba yonse kukhitchini. Babu la padenga linali dzuwa, anyezi anali dziko, ndipo mbatata ya kachewere yaing'ono inali mwezi. Ndinazungulira tebulo mpaka chizungulire, ndikulalikira kuti chaka chino palibe chodikira, Idi ndi Lachinayi, makina a ku Ulaya anena. Amayi ena anaseka, koma ena anandimvera, popeza kunena zoona ndinkalankhula mokoma. Mayi Hawa a chipinda chakumapeto anagula nkhuku zawo ziwiri Lachitatu m'mawa n'kuzichinjitsa masana, ngakhale m'nyumba monse munalibe filiji. A Jafali, amene ankasoka zovala pakhonde, anandipatsa dzina la Pulofesa, ndipo ine ndinalilandira ndi manja awiri osadziwa kuti akundinena.

Lachitatu, tsiku la makumi awiri ndi chisanu ndi chinayi la kusala, kunagwa mvula ya masana ya ku Joni ija, yobwera ndi ziphaliwali n'kutha musanapeze ambulera. Pofika madzulo thambo linali litatsukidwa, kopanda ngakhale kamtambo. Tinakwera kuchitunda cha kumtunda kwa Yeoville, amuna patsogolo, ife ana pambuyo, fungo la phula lonyowa likutiperekeza. Dzuwa linalowa kuseri kwa nyumba zazitali za m'tauni, kumadzulo kunafiira, kenako kunayera. Anthu anatong'ola maso. Ine sindinavutike n'kuyang'ana komwe, ndinkangodikira kuti wina afuule kuti ndilandire ulemu wanga. Ndege inadutsa. Nyenyezi imodzi inatuluka. Mwezi, ata! Titabwerera kunyumba, foni ya a Jafali inalira, ndipo uthenga wochokera kumzikiti unali woti dziko lonse palibe amene wauona. Mawa tisalanso, Idi ndi Lachisanu.

Mayi Hawa anakazinga nkhuku zawo nthawi yomweyo kuopa kuti zingaole, akunditchula dzina pa chiwalo chilichonse chimene ankaponya m'mafuta. Ana anzanga ankandifunsa ngati anyezi uja wasiya kuzungulira. Zonsezo ndikanazipirira. Chimene chinandiswa mtima ndi ababa. Lachinayi lawo la tchuthi analitha atakhala pabedi, ali ndi njala ya swaumu, akusita mkanjo woyera umene sankadziwanso kuti auvalira chiyani. Amayi anawauza kuti aimbe foni anene kuti akudwala. Iwo anati sangatseke mwezi wa kusala ndi bodza. Amayi anati ndiye angopita kumzikiti, za ntchito zidzaoneka. Ababa anayang'ana ife ana atatu amene tinkagona pansi m'chipinda chimenecho, n'kupitiriza kusita.

Lachisanu m'mawa nyumba yonse inadzuka ndi phokoso la ndowa, fungo la ubani ndi mpunga wa zonunkhiritsa. Ababa anasamba, anadzola mafuta awo a Idi, anavala mkanjo uja ndi mzuli, naika ovolosi yawo m'jumbo. Ndinaima pazenera. Amuna onse a m'nyumbamo anatuluka pamodzi, oyera okhaokha, akutamanda Mulungu chapansipansi. Atafika pamphambano, gulu lonse linakhotera kumanzere, kumzikiti. Munthu mmodzi anakhotera kumanja, kokwerera matakisi, jumbo lake likumugunda m'bondo.

Ababa anabwerako dzuwa litapendeka, atanyamula zotsala za alendo m'kabokosi, zimene amayi anakapatsa aneba achikhristu chifukwa sitinkadziwa kuti ndi nyama yanji. Amayi anafunsa kuti zayenda bwanji, ndipo ababa anafotokoza akuseka pang'ono. Akuti atatha kudya, bwana anatengera alendo ake ku chigayo chija, nachipukusa, n'kuyamba nkhani yaitali uku akuloza iwo, amene anaima pakhomo ndi thireyi ya makapu. Chingerezi chonse sanachimve, koma anamva kuti akunena za mmene anapezera wantchito wake tsiku la phwando pa mphindi imodzi yokha. Alendo anawomba m'manja. Kenako bwana anatembenuka n'kuwafunsa ngati phwando la dzulo linakoma.

"Ndiye munati chiyani?" anafunsa amayi.

"Ndinati, veri naisi, bwana. Nanga ndikanati chiyani?"

Ndinathawira kubafa, kumene kunali malo okhawo okhoma m'nyumba monse, ndipo ndinalira mpaka Mayi Hawa anagogoda kuti Pulofesa atuluke, anthu akufuna kusamba.

Patapita zaka ndinadzadziwa kuti chigayocho sichinaname. Mwezi unalidi pakati pa dziko ndi dzuwa Lachitatu lija, koma ukakhala pamenepo suoneka, umafunika tsiku kapena awiri kuti utalikire dzuwa ndipo diso la munthu liugwire. Mzungu wa mabuku odzaza chipinda sankadziwa zimenezo, kapena sanaone chifukwa chozidziwira, popeza mwezi wake unali patebulo ndipo sankafunika kutuluka panja. Ababa, amene sanamalize Sitandade 3, ankazidziwa kuyambira ali kamnyamata. Chimene anaphonya n'choti anakhulupirira mwana wawo.

Masiku ano ana anga amafunsa foni, ndipo foniyo imawaonetsa dziko, mwezi ndi dzuwa zikuzungulira mokongola kuposa mkuwa uja, ndi chidaliro chomwecho. Chaka chilichonse amandiuza tsiku la Idi kudakali milungu itatu, ine n'kungoti tiona. Kuntchito kwanga ndimalembetsa masiku awiri, ndipo amene akufuna kuseka aseke. Ababa anabwerera ku Machinga, akalamba, ndipo maso awo sangathenso kuona mwezi ngakhale utakhala wathunthu. Chaka chatha ndinapita kukadya nawo Idi. Titakhala pakhonde, shehe wina wachinyamata anawafunsa ngati n'zoona kuti moyo wawo wonse sanaphonyepo swala imeneyi. Ine ndinali pomwepo, ndikuwathirira tiyi. Ababa anati ayi, anaphonyapo imodzi ku Joni. Shehe anafunsa chifukwa chake.

"Ndinawerenga masiku molakwika," anatero ababa. "Ine sukulu sindinapite patali."