Chigoli Chimodzi cha Ulemu

Mukafika ku Greenbelt n'kufunsa Mmalawi aliyense kuti ndani amaudziwa mpira wa kuno ku Amereka, uja wa zipewa zolimba ndi mpira wonga dzira, akulozerani kwa a Sosten Malama. Akulozerani mwansangala ndithu, chifukwa mukapitako inuyo ndiye kuti makutu ake apuma tsiku limenelo.

A Sosten anachoka ku Ndirande mu 2003, ndipo chibwerereni ntchito yawo ndi imodzimodzi, yosamalira okalamba panyumba ina cha ku Takoma Park. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa phala, kuwamvetsera. Mpirawu anauphunzira komweko kwa mkulu wina wa m'chipinda cha kumapeto, yemwe anali ataiwala mayina a ana ake onse koma ankatchula mosaphonya aliyense amene anasewererapo timu ya mumzinda muno. Poyamba a Sosten ankangoona zimphona zikulimbirana dzungu. Patatha zaka zinayi mkuluyo anamwalira, ndipo matenda ake a mpira anawasiyira a Sosten onse athunthu.

Chodabwitsa n'chakuti masewera enieniwo sawakonda kwenikweni. Amati amawakweza magazi. Nyengo yawo ndi pamene mpira waima, kuyambira Febuluwale mpaka kumapeto kwa Epulo, pamene matimu amachotsa osewera otopa, kugula ena, kenako n'kukhala pansi masiku atatu kusankha anyamata ochokera m'makoleji, timu iliyonse kudikira nthawi yake. Kusankhako amati dirafuti. Ikamayandikira, a Sosten amabwera kuchokera kuntchito ndi katoni yopanda kanthu ya matewera a akuluakulu, kuing'amba bwinobwino, kuimata pafiriji, n'kulemba mizere iwiri. Kumanzere Opita, kumanja Obwera.

Chaka chino anati timu ikufunika choyamba chimphona chatsopano choteteza msana wa woponya mpira, popeza chimene chilipocho chimatembenuka ngati lole yodzaza simenti. Ikufunikanso mnyamata waliwiro woti azithamanga ndi olandira mpira a matimu ena, pakuti amene alipoyo amafika pamalo anthu atawomba kale m'manja. Izi anauza anzawo kuntchito, anauza dalaivala wa basi, anauza abusa pakhomo la tchalitchi abusawo akuyang'ana wotchi. Kumbali ya Opita sachitirako chisoni munthu. Wosewera akangokwanitsa zaka 31, dzina lake limalowa m'katoni.

"Mpira sudziwa imvi," amatero. "Bondo likayamba kulankhula, mwini wake atseke pakamwa azipita kwawo. Chimene ndimawakondera Amereka ndi chimenecho. Ife Amalawi ulemu unatipha."

Tsopano imvani mbali inayo. Chaka chilichonse, Loweruka loyandikira 6 Julaye, Amalawi a kuno amasonkhana papaki kukumbukira ufulu, ndipo nyama ikapsa, nyimbo zikatopa, pamakhala mpira wathu weniweni wa miyendo, Malawi ndi Zambia. Pagolo la Malawi, kuyambira 2005 mpaka lero, pamaima a Sosten Malama. Pano ali ndi zaka 58. Bondo lawo lakumanja amalikulunga nsalu ziwiri, ndipo mankhwala amene amapakapo amamveka mpaka kwa amayi owotcha nyama. Malawi inapambana komaliza mu 2016. Chaka chatha inadya zigoli zisanu ndi chimodzi, zinayi mwa izo zogoletsedwa ndi a Chisanga, Mzambiya wa mimba yake wogwira ntchito kubanki ina yaikulu, yemwe pachigoli chachinayi anaima n'kunena kuti, "Pepani ba mudala, sinenze kufuna."

A Sosten anafotokoza kuti vuto linali otchinga kumbuyo, dzuwa, ndi mpira wopepuka wa masiku ano.

Musafulumire kuwaseka. Sabata yonse munthuyu amamutchula Sam, chifukwa okalamba aja lilime lawo silifika pa Sosten. Amagwira ntchito imene ikachitika bwino palibe amaiona. Koma tsiku limodzi pachaka amavala magolovesi, amalavulira m'manja, ndipo anthu mazana awiri amaimba dzina lawo lenileni, lija anawapatsa amayi awo. Golo limenelo amalikonda ndi mtima wonse, ndipo amaopa tsiku limene adzakhale kunja kwa mzere ndi mbale ya nyama m'manja ngati wina aliyense.

Anyamata a timu ankafuna kupambana, koma ndani angauze munthu wamkulu kuti wakalamba? Munthu amene anakulandira pabwalo la ndege, anakugoneka pampando wake miyezi itatu, anakusakira ntchito yoyamba? Anayesa njira zathu. Chaka china anawagulira jekete yolembedwa kumsana kuti Mlangizi Wamkulu. A Sosten anathokoza mpaka misozi, anaivala pothamangathamanga, wezulo italira anaivula n'kulowa pagolo. Chaka chotsatira anawapatsa mpando wopinda wokhala ndi ambulera yake, n'kuuika pamthunzi pafupi ndi abusa. Iwo anaunyamula n'kukauika pambali pa golo kuti aziikapo botolo la madzi.

Ndiye linafika Loweruka lomaliza la Epulo, tsiku lachitatu la dirafuti. Limeneli limayamba masana, ndipo a Sosten amati ndilo la akatswiri, chifukwa mayina otchuka amakhala atatha, otsala amawadziwa okhawo owerenga. Anali atakhala pa TV ndi cholembera kukhutu. Akazi awo a Edness ankasita mayunifomu a sabata yamawa pakona, ndipo mwana wawo Tiya, yemwe amaphunzira kuyunivesite ya ku Fairfax, anali kuchipinda ndi mabuku ake. Pakhomo panagogoda a Ernest, kaputeni wa timu ya Malawi, atanyamula nkhuku yowotcha ya m'sitolo.

Analonjerana. Anafunsana za ana, za kumudzi, za mvula ya kumudzi. Anamwa tiyi. A Ernest anayamikira katoni ya pafiriji mzere ndi mzere, ndipo atatha zonse anatsokomola.

"Achimwene, ndabwera ndi nkhani ya eni ake. Anzathu ena a ku Baltimore andipempha nzeru, ine ndati nzeru za mpira zili ku Greenbelt."

"Nenani," anatero a Sosten akuchepetsa mawu a TV.

"Ali ndi katimu kawo. Goloboyi wawo ndi munthu wamkulu, wolemekezeka, wawathandiza onse. Zaka zake zili cha m'ma 55."

"Zaka 55 pagolo? Akufuna kudzafera pamenepo?"

"Bondo limamuvutako pang'ono. Masewera apitawa anadya zigoli zisanu."

A Sosten anaseka mpaka cholembera chinagwa kukhutu. Mumtima anamumvera chisoni mkulu wa ku Baltimoreyo, komanso anamunyoza pang'ono, chifukwa iwo pa zaka 55 anali akuuluka. Anafunsa ngati pali wina woti n'kulowa m'malo mwake. A Ernest anati alipo, wa zaka makumi awiri, manja ngati ulimbo, koma ndi mtsikana.

"Nanga mpira umafunsa zimenezo? Tiya wangayu amagwira pagolo kusukulu kwawo. Ndinamuphunzitsa ndekha panja apa poimika magalimoto, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amuna khumi a ku Baltimore sangamugoletse. Auzeni anzanuwo kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Amuchotse mkuluyo lero, asadikire mawa."

A Edness anaimika simbi, anawayang'ana amuna awo, n'kupitiriza kusita.

"Vuto ndi kauzidwe kake," anatero a Ernest akuyang'ana m'kapu. "Anamupatsapo mphatso zingapo kuti mwina amva."

"Mphatso! Ndi zimene ndimanena zija. Kuno amangomuitana munthu kuofesi, zikomo kwambiri, siya makiyi patebulo. Koma poti ndi Amalawi anzathu sangathe, mvetserani. Ngati mkuluyo ali ndi nzeru, safunika kuuzidwa. Atenge yekha magolovesi akapereke kwa mwanayo, anthu asanayambe kumuseka kumbali. Akapanda kutero ndiye kuti sakonda timu, amadzikonda yekha."

A Ernest anathokoza kwambiri, mopitirira muyeso wa nzeru zimene analandira. Anakana tiyi wachiwiri. Potuluka anasuzumira kuchipinda n'kufunsa Tiya ngati mwezi wa Julaye adzakhala ali konkuno, ndipo Tiya anayankha m'Chingerezi, monga amachitira ana a kuno, kuti adzakhalapo. A Sosten anawaperekeza mpaka pamasitepe n'kubwerera akupukusa mutu.

"Mwamva, mayi a Tiya? Zigoli zisanu, munthu n'kumakakamirabe. Anthu ena alibe manyazi."

A Edness anapinda malaya, anawaika pamwamba pa anzake, anazula simbi kumagetsi.

"Zinali zisanu ndi chimodzi, bambo a Tiya. A Ernest achotsapo chimodzi chifukwa cha ulemu. Zaka achotsapo zitatu."

A Sosten anatsegula pakamwa kuti anene za otchinga kumbuyo, za dzuwa, koma anakumbukira jekete. Anakumbukira mpando wa ambulera. Anaona nkhuku ili patebulo, yosakhudzidwa, ndipo anazindikira kuti nayonso inali mphatso ya mtundu womwewo. Manyazi anawagwira kuyambira kumutu mpaka kubondo lodwalalo. Kenako unabwera mkwiyo, woti anyamata amene anawagoneka pampando uno akhala akukambirana za iwo zaka zingati. Koma mkwiyowo unasowa pogwira, chifukwa mlandu anali ataweruza okha, mokweza, pamaso pa mboni ziwiri, ndipo anaweruza bwino.

Pa TV anaonetsa mnyamata wina wa kukoleji amene timu ya mumzinda muno inali itangomusankha, chimphona chenicheni choteteza msana wa woponya mpira, chija a Sosten akhala akuchipempha chiyambire Febuluwale. Mnyamatayo anali kwawo, foni kukhutu, akulira, amayi ake atamukolowekera m'khosi. Zaka zonsezi a Sosten ankaonera zimenezi n'kumaomba m'manja. Lero anaganiza za winayo, wotembenuka ngati lole uja, yemwe mwina nayenso anali pa TV kwawo masana omwewo, ana ake ali pambali. Makamera sapita kunyumba ya ameneyo.

Anadzuka, bondo linalankhula, anapita kuchipinda. Magolovesi amawasunga m'jumbo pansi pa bedi, pamodzi ndi pasipoti. Anali akuda, osweka m'zala, onunkha zaka makumi awiri za Julaye. Anagogoda kwa Tiya n'kumupatsa ndi manja awiri, monga mmene munthu amaperekera chinthu kwa wamkulu.

Tiya anawayang'ana magolovesiwo, anayang'ana bambo ake. Anayamba kunena m'Chingerezi kuti ali nawo ake atsopano, ndiponso kuti iye anawauza a Ernest kuti sangalowe pagolo pokhapokha adadi atanena okha. Ali pakati anaona nkhope yawo, ndipo anasiya. Analandira ndi manja awiri nayenso, n'kunena m'Chichewa chake chopindika chija, "Zikomo, adadi." Anawavala. Anamukulira zala zonse.

"Chisanga amamenyera kumanzere kwako nthawi zonse," anatero a Sosten. "Ine ndimadziwa, kungoti kufikako."

Anabwerera pabalaza, anatola cholembera pansi, anaima pafiriji. Kumbali ya Obwera anachonga chimphona chija. Kumbali ya Opita kunali mayina asanu ndi awiri, onse a anthu ochepa kwa iwo ndi zaka zoposa makumi awiri. Anaima pamenepo nthawi yaitali osalemba kanthu. Kenako anatenga foni n'kuimbira a Ernest, omwe anali asanafike n'komwe pamsewu waukulu.

"A Ernest, mkulu wa ku Baltimore uja."

"Eya, achimwene."

"Wamva. Auzeni anyamata kuti wamva. Koma akuti mpando wa ambulera uja muzimuikira kuseri kwa golo, osati kwa abusa. Ndipo akuti zigoli zinali zisanu ndi chimodzi. Musamamuchotsere, anazitola yekha muukonde."