Mkamwini pa Tebulo la Makhadi

Chaka chilichonse nyengo yozizira ikafika, tiyi atasiya kuphuka, anthu akungodulira m'minda, kampani inkatitsegulira holo kwa tsiku lathunthu kuti tisewere. Kunkabwera anthu a m'maesiteti ena, ena pa lole, ena pa ngolo ya thirakitala, atadzikulunga m'mabulangete chifukwa cha chiperoni. Ankanyamula bawo, drafti wa zitsekerero za mabotolo, ludo ndi makhadi. Lamulo linali limodzi, kubetcha ayi. Anayambitsa zimenezi ndi manejala wina wochokera ku Lilongwe, matipati atangoyamba kumene, ndipo anatuluka thukuta kufotokozera akulu a mipingo kuti makhadi opanda kubetcha si juga. Ena sanamve mpaka anamwalira.

Ine ndinali makanika ku garaja ya esiteti. Ndinkakonza mathirakitala okalamba kuposa ine, amene ukawakonza m'mawa, masana amakubwerera ali pa chingwe. Ndinkaweruka msana ukuwawa, mtima uli wowawa kuposa msanawo. Chimene chinkandipumitsa chinali makhadi basi, ngakhale anzanga ankadandaula kuti khadi lililonse limene ndagwira limatsala ndi chidindo cha girizi.

Masewera athu anali a anthu anayi, awiriawiri, mnzako atakhala moyang'anana nawe. Anabwera ndi anthu othawa nkhondo ku Mozambique. Mtundu umodzi wa makhadi umasankhidwa kukhala tirampu, ndipo umenewo umadya mitundu ina yonse. Kulankhulana ndi mnzako nkoletsedwa. Umayenera kukumbukira zimene zatsika kale, ndi kumva maganizo a mnzako kudzera pa khadi limene waponya.

Mnzanga wa pa tebulo anali munthu wamkulu, msinkhu wa bambo anga, ndipo ndinkangowaitana kuti madala. Anagwira ntchito ku fakitale, pa makina oumitsira tiyi, mpaka anapuma. Kwao kunali ku Balaka, koma anachokako ali mnyamata, nakwatira m'mudzi wina wa ku Nchilamwela, pafupi ndi malire a esiteti. Kumeneko anamanga nyumba ya njerwa zowotcha, nabzala nthochi ndi mapeyala. Ku holo ankaopedwa. Ankasewera ngati akusinza, koma pofika kumapeto ankadziwa khadi lililonse lotsala m'manja mwako, ndipo ankakudya mwaulemu, osakuyang'ana nkomwe.

Koma Lamulungu masana, tikamasewera kumudzi kwaoko pansi pa mtengo wa mapeyala, madala ankasanduka chitsiru. Tinkasewera ndi alamu awo, mlongo wamkulu wa akazi awo, amene analinso mwini mbumba pamudzipo. Alamuwo anali munthu wa mawu aakulu ndi chipewa chachikopa, ndipo makhadi sankawadziwa ngakhale pang'ono. Ankaponya eyisi, khadi lalikulu pa mtundu wake, ngati akutaya chitsononkho cha chimanga. Komabe ankatidya Lamulungu lililonse, chifukwa pa nthawi yeniyeni madala ankaiwala tirampu, kapena kuponya khadi limene ngakhale mwana wa sitandade wani sangaponye. Alamuwo ankaseka mpaka kutsokomola, akazi a madala nkumamwetulira pakhonde, akusenda chinangwa.

Tsiku lina pondiperekeza ndinalephera kupirira.

"Madala, kodi mumandiyendetsa mtunda wonsewu kuti ndizidzadyedwa ndi munthu wosadziwa kugwira makhadi?"

"Amakanika, kwanu ndi kuti kodi?"

"Ku Mzimba. Mukudziwa kale."

"Ndiye simungamve. Kwanu mkazi ndiye amasamuka. Kuno mkamwini asamakule mwendo."

Ndinkamva ndithu, kungoti zinkandinyansa. Kwathu munthu ukamanga nyumba ndi yako. Kuno munthu amamanga, kubzala, kubereka, kumera imvi, koma nthaka imene waimapo ndi ya mkazi ndi abale ake. Ndinapitirizabe kupita Lamulungu lililonse, kumadyedwa ndi kubwerera ndikung'ung'udza njira yonse.

Akazi a madala anamwalira m'chaka chotsatira njala yaikulu ija, mvula ikutha. Anali ndi ana awiri. Wamkazi, amene akanawasunga pamudzipo, anatsogola kalekale. Wamwamuna anali mkamwini nayenso ku Thekerani, wopanda mawu kwa eni ake. Ndiye panatsala nkhani ya kusudzula. Maliro akatha ndipo miyezi ikapitapo, abale a mkazi amakhala pansi ndi kumasula mwamunayo kuti abwerere kwao. Nthawi zina, akakhala munthu wabwino, amamuuza kuti akhale. Madala akanachotsedwa, akanapita ku Balaka kwa ana a mlongo wawo, anthu amene ankangowaona pa maliro. Mwambowo anaukonza kuti uchitike Loweruka lotsatira tsiku lathu la masewera, ndipo woyankhula pa mwambowo anali alamu aja.

Sindinkayembekeza kuti madala abwera ku holo chaka chimenecho. Ndinawapeza atafika kale, atakhala pa benchi pafupi ndi khomo, jekete lawo likuoneka ngati lobwereka chifukwa cha kuonda.

"Mwabwera, madala?"

"Ndikanatsala kunyumba kuti ndiziyang'ana chiyani?"

M'holomo munali phokoso la nthawi zonse. Kumbali ya mawindo a bawo ankakhetsa nkhomo m'maenje, anthu atawazungulira nkumawalangiza zimene sanafunsidwe. A drafti ankamenyetsa zitsekerero pa matebulo ngati pali mlandu. Aphunzitsi awiri anadzipatula pakona ndi chesi, osafuna wina awayandikire. Amayi a ku chipatala anatenga ludo, ndipo ndiwo ankakangana kuposa onse. Panja ankagulitsa mbatata yowotcha ndi zitumbuwa, m'kati tiyi wa kampani ali mu ndowa yaikulu, wamadzimadzi, chimene chinkatiseketsa chaka chilichonse pa malo olima tiyi. Fungo linali la mabulangete onyowa ndi fodya. Ndinali nditagona mochedwa sabata yonse chifukwa cha thirakitala ina yokana kulira, maso akuyabwa, komabe nditangomva makhadi akusakanizidwa ndinamva kupepukidwa m'chifuwa.

Tinayamba ndi makalaliki awiri a ku esiteti ina, anyamata ovala mataye, tinawadya asanamalize tiyi wawo. Kenako tinadya alonda awiri, kenako dalaivala wa ambulansi ndi mng'ono wake. Madala sankayankhula. Akaponya khadi ine ndinkamva zimene akunena, ine ndikaponya iwo ankangogwedeza chikope. Sindidziwa ngati pali chinthu china pa moyo wanga chimene ndinachichitapo bwino ndi munthu mnzanga ngati chimenecho.

Masana, dzuwa litayesa kutuluka nkulephera, woyendetsa masewera anatilozera tebulo lotsatira. Pamenepo panali chipewa chachikopa chija. Alamu a madala anali atafika patali chonchi chifukwa anagwirana ndi kapitawo wina wochenjera, amene ankawanyamula ngati katundu. Amene apambane pa tebulo limenelo ndiye akalowa komaliza, kumene mphoto yake inali bulangete kwa aliyense.

Ndinawakokera madala pambali.

"Apa ndiye mukudziwa chochita. Lero sinding'ung'udza. Bulangete ndili nalo kunyumba."

Anandiyang'ana nati, "Tiyeni tikakhale, amakanika. Anthu akudikira."

Anapatsana moni ndi alamu awo mwaulemu wonse, kufunsana za kunyumba ngati sanadzuke m'mudzi umodzi. Kapitawo anagawa makhadi. Tirampu inagwa ya mtima.

Ndinayamba ine kuwononga. Ndinali ndi eyisi yoti ndikanadya nayo, koma ndinaponya kakhadi kopanda ntchito, kusiyira alamuwo. Zaka zonse zimene ndinkatukwanira kugonja mwadala, ndinali ndisanadziwe kuti ndi ntchito yovuta chonchi. Umayenera kudziwa masewera kawiri, kuti uluze popanda woonera kuzindikira. Ine ndinazichita mwaumbuli, ndipo wina kumbuyo kwanga anatsonya.

Madala anatsitsa makhadi awo pang'ono. Malamulo salola kulankhula, koma anayankhula.

"Amakanika, sewerani."

Sanakweze mawu, koma ndinachita manyazi ngati mwana wogwidwa ndi dzanja m'poto. Kuchokera pamenepo anatenga masewerawo m'manja mwao. Anakoka matirampu a alamu awo limodzilimodzi mpaka anawasiya opanda kanthu. Anamutchera kapitawo uja msampha, iye nkugweramo akuona. Alamuwo ankaponya eyisi, madala nkuidya ndi kamtima kakang'ono. Anthu anasiya bawo nkubwera kudzaonera, chifukwa a kumudzi kuja onse ankadziwa za Loweruka. Ine ndinkangotsatira, mtima ukuwawa, chifukwa khadi lililonse limene ankadya ndinkaona ngati akuzula lata pa nyumba yawo yomwe. Ndinawakwiyira kwambiri. Ndinkati munthu wapirira moyo wonse, walephera bwanji kupirira masana amodzi?

Khadi lomaliza litatsika, panalibe wowomba m'manja. Kapitawo ananyamuka nkupita kukafuna tiyi. Alamuwo anavula chipewa, nachiika pa bondo, nayang'ana mulu wa makhadi umene unali kutsogolo kwa madala.

"Ndiye kasewero kanu nkameneka, alamu," anatero.

"Nkameneka."

"Ndinkangomva kwa anthu. Mlongo wanga anandiuza kalekale kuti mumandisiyira. Ankati ndisakuuzeni kuti ndikudziwa, mungachite manyazi."

Madala anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Nane ankandiuza kuti ndizikusiyirani, mungachite manyazi."

Kenako alamuwo anayankhula motsitsa, mawu aakulu aja atawathawa.

"Za Loweruka ndayesetsa, alamu. Azimayi akana. Akuti mwana wa mng'ono wake wa malemu ali ndi ana ambiri, alibe pogona. Ine pa mwambo ndimangokhala pakamwa pawo."

"Ndikudziwa. Ndinamupeza akuyeza mawindo ndi chingwe, ndikuchokera kudimba."

"Mundikhululukire."

"Palibe mlandu. Nthaka ndi yawo. Musaiwale kudulira nthochi za kumunsi zija, zathithikana."

Ndinakhala pamenepo ngati mlendo pa maliro a eni. Zaka zonsezo ndinkadyedwa pansi pa mtengo wa mapeyala poganiza kuti tikugula malo a madala pamudzipo, pamene munthu amene tinkamugonjerayo analibe mphamvu yogulitsa kanthu. Amuna awiri akuluakulu ankanamizana Lamulungu lililonse kuti mayi mmodzi wosenda chinangwa pakhonde akhale ndi mtendere, ndipo ine ndi ukali wanga ndinali wongodzazitsa tebulo.

Komaliza tinaluza kwa anyamata awiri a ku fakitale ya esiteti ina. Madala anali atatopa, ine maganizo anali kwina. Sizinatikhudze. Potuluka chiperoni chinali chitayambiranso, mizere ya tiyi wodulira ikuoneka yakuda mpaka kuphiri. Ndinawaperekeza mpaka pa mlatho.

"Bwanji simunandiuze m'mawa?" ndinafunsa.

"Mukanasewera mondimvera chisoni. Ndinkafuna tsiku limodzi losewera bwinobwino."

Anawasudzula Loweruka lomwelo. Ndinapempha dalaivala wina wa lole yopita ku Limbe kuti awatengeko. Katundu wawo anali sutikesi, wailesi, mpando umodzi ndi thumba la mapeyala osapsa. Alamu awo ndiwo anawanyamulira mpandowo mpaka kumsewu. Ndinalonjeza kuti ndidzapita ku Balaka kukawaona, ndipo ndinapitako kamodzi. Ndinawapeza m'kanyumba ka udzu kuseri kwa nyumba ya mwana wa mlongo wawo, kukutentha, kopanda mtengo wa mthunzi. Pamudzipo panalibe wodziwa masewera athu, ndipo anthu awiri sangasewere masewera a anthu anayi. Tinangocheza za mathirakitala.

Chaka chotsatira ndinapita ku holo chifukwa chozolowera. Ndinalibe mnzanga, ndipo sindinafune kufunafuna. Ndinakhala pa benchi ya pakhomo ija, ndikumwa tiyi wamadzimadzi, kuonera a drafti akumenya matebulo. Ndili pomwepo ndinaona chipewa chachikopa chikubwera. Alamu aja anaima patsogolo panga, akupotokola chipewacho m'manja.

"Amakanika, kapitawo uja wandikana chaka chino. Akuti ndimamulemera. Kaya inu muli ndi munthu?"

Ndinafuna kuwayankha zowawa, ndipo mawu ake ndinali nawo okonzeka. Koma ndinali wotopa, ndipo iwonso ankaoneka otopa.

"Ndilibe."

Tinakhala moyang'anana, iwo pa malo a madala. Woyendetsa masewera anatipatsa makalaliki a mataye aja, amene chaka chatha tinawadya asanamalize tiyi. Alamuwo anagwira makhadi mosamala, akuyesetsa ndi mtima wonse, thukuta likutuluka m'nyengo yozizira. Pa ulendo woyamba womwe anataya eyisi pachabe. Makalalikiwo anatidya mofulumira, ndipo panalibe amene anatisiyira kalikonse.

Akusonkhanitsa makhadi, alamuwo anandifunsa osandiyang'ana, "Kodi Lamulungu mumakhala mukutani masiku ano?"

"Palibe."

"Mtengo wa mapeyala uja ulipobe. Mwina mungadzandiphunzitse mmene alamu anga ankachitira."