Mpunga wa kwa Che Singapo

Tinanyamuka pa Ntaja Loweruka m'mawa mame asanakamuke, ine ndi mkazi wanga Abiti Mussa, ulendo wa ku Balaka kukadya. Kukadya basi. Kunalibe maliro, kunalibe wodwala, ndipo pamenepa ndi pamene panavuta kufotokozera anansi.

Ine ndine telala wa pakhonde la sitolo. Sukulu sindinapite nayo patali. Kuwerenga ndinadziphunzitsa pa nyuzipepala zokulungira sopo, motero nkhani zambiri za dziko lapansi ndimazidziwa theka, theka linalo linapita ndi wogula wina. Za lesitilanti ya ku Balakayo ndinamva kwa kondakitala amene ndinkamupindira thalauzi. Iye anati pafupi ndi siteshoni ya Balaka pali mkulu wina Myao amene anaphika zaka zambiri m'sitima zapamadzi zochoka ku Beira kupita kum'mawa, ku Singapo ndi ku Maleziya, ndipo akuphika zakudya za kumeneko. Anthu amangomutcha Che Singapo.

Chimene nyuzipepala sizinandiuze n'chakuti kwathu mwamuna wapabanja akakadya ku lesitilanti, ndiye kuti walengeza kuti mphika wa kunyumba walephera. Mkulu wake wa Abiti anachita kubwera kudzamuuza kuti ndikukamuonetsa kaphikidwe, ndipo akalephera kuphunzira ndibweretsa wachiwiri. Abiti anandibwerezera mawuwo nkhope ili kumbali. Ine ndinaseka, ndipo kusekako kunangowonjezera mlandu. Choncho m'mawawo anavala chitenje chake chatsopano ngati munthu wopita kubwalo.

Pasiteji achinyamata a malaya ofiira anatifunsa makhadi a chipani, tinaonetsa, tinakwera basi. Mpaka ku Liwonde tinalipira matambala 60 aliyense. Msewu unali wafumbi, wa mabampu ngati malata, ndipo basi inkanunkha matemba a ku Chilwa amene amalonda anaunjika kumbuyo. Mayi wina wachikulire wa mpando woyandikana nafe anayang'ana chitenje cha Abiti, kenako jekete langa.

"Kuchipatala?"

"Iyayi amayi, ku Balaka kukadya."

"Kwanu kwagwa njala?"

"Iyayi."

"Nanga awa dzanja linathyoka?"

Abiti anatembenukira pawindo, ndipo mapiri onse a m'njiramo anawayang'ana ngati akuwawerenga.

Pa Liwonde tinatsika dzuwa litayamba kuluma. Tinawoloka mlatho wa Shire wapansi chifukwa ndinkafuna ndimuonetse zitseko zazikulu zotchinga madzi, ndimufotokozerenso m'mene zimagwirira ntchito, theka lomwe ndinkalidziwalo. Kumunsi asodzi anali m'mabwato, ndipo mvuu imodzi inangotulutsa makutu. Abiti anati, "Ndaona." Ndinagula nthochi, anakana. Tsidya linalo tinapeza lole yonyamula thonje yopita ku Balaka, matambala 40 munthu mmodzi. Dalaivala anaika Abiti kutsogolo, ine n'kundiponya pamwamba pa mabelo. Kumeneko ndinaona bwino dziko la Balaka, lathyathyathya, louma, la milambe yonenepa ngati mabwana a boma. Potsika ndinali ndi imvi za thonje mpaka m'nsidze.

Titaswali swala ya masana mumzikiti tinafunsa njira. Mwamuna wina wokonza njinga anangoloza ndi sipanala: "Tsatirani fungolo."

Malowo anali kanyumba kopaka utoto wobiriwira, matebulo ochepa oyalidwa pulasitiki. Pakhoma panali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko monga m'malo onse, ndipo m'munsi mwake, motsika bwino, chithunzi cha sitima yapamadzi. Munali antchito a njanji ndi makalaliki akudya mwaphokoso. Che Singapo anatuluka yekha kukhitchini: nkhalamba yaifupi, ndevu zoyera, kofiya kumutu, m'chiuno atamanga nsalu ya madangamadanga.

"Avala chitenje," Abiti anandinong'oneza. Awa anali mawu oyamba amene anayamba yekha chichokereni pa Ntaja.

Iye ankafuna kukhala pansi m'mbali mwa khoma, koma nkhalambayo inamukokera mpando. Kenako inabwera ndi ketulo ndi beseni, n'kuyambira kwa iye. Abiti anadzambatuka, n'kugwada, n'kugwira ketuloyo.

"Iyayi ambuje, sizingatheke. Bweretsani ndikuthirireni ndine."

"Mama, mukandilanda ntchito ndidya chiyani? Khalani pampando. Muno wogwada ndine."

Anasamba m'manja maso ali pansi, ngati akuba madziwo.

Chakudya chinabwera pa tsamba la nthochi loyalidwa m'mbale: mpunga woyera wonunkhira, matemba okazinga mpaka khirichi, mtedza, dzira, nkhaka zodula, ndi kamulu kofiira pambali. Panalinso nyama ya mbuzi yowotchedwa pa timitengo, ndi msuzi wake wakhathikhathi. Ine, pokhala munthu wowerenga, ndinaitanitsa timitengo tiwiri todyera tija ndinationa pa chithunzi.

"Tilipo, n'ta Atchaina," anatero Che Singapo. "Koma eni ake a mpunga uwu amadya ndi dzanja lamanja ngati ife."

Ndinaumirira. Mpunga unakana kukwera. Nditapana temba limodzi, linafwanthuka n'kukatera pa tebulo la antchito a njanji. Mmodzi analinyamula ndi zala, n'kuliyang'anitsitsa.

"Achimwene, zanuzo akupatsani zamoyo?"

Lesitilanti yonse inaseka, ndipo ndinaona phewa la Abiti likugwedera kuseri kwa mpango. Pofuna kubweza ulemu wanga ndinatapa kamulu kofiira kaja kokwanira, poyesa ndi tomato. Anali tsabola wosinja. Misozi inatsika, mphuno inatseguka, ndinamva ngati ndameza ayironi yanga yamakala.

Abiti sanafulumire. Analawa pang'onopang'ono ngati wogula fodya akuyesa tsamba.

"Mumpungamu muli kokonati. Msuzi wa nyamawu ndi nsinjiro, angothiramo shuga." Anaika dzanja pansi. "Ndiye zimenezi ndi zimene mukufuna ndiziphika?"

Lilime linali likuyakabe, mwina n'chifukwa chake ndinalankhula mosazungulira.

"Iyayi, amake Asiyatu. Chikwatiraneni sindinakuonenipo mukudya chotentha. Mumapakulira ine, ana, alendo, inu n'kudya pomaliza kumafuwa, zitazizira. Ndinangofuna tsiku limodzi wina akupakulireni inuyo."

Anatembenukira kwa ine.

"Basi?"

"Basi."

"Nanga osanena pa Ntaja bwanji?"

"Ndimayesa mudziwa nokha."

"Inu kuwerenga mumatha. Kunena ndiye ayi."

Atatero anakokera mbale pafupi n'kuyamba kudya zenizeni. Tsabola uja anamumaliza yense, wake ndi wanga, osatuluka ngakhale thukuta. Che Singapo podutsa anaima n'kunena kuti m'sitima monse sanaonepo munthu wa kuno akumutha chotero. Anayamba kucheza m'Chiyao, za kokonati amene amabwera pa sitima kuchokera ku Nayuchi, za mwana wa nkhalambayo amene watsegula lesitilanti ina ngati yomweyi ku Mangochi, ine ndikungomwa madzi.

Titamaliza, manja a Abiti anayamba okha kusanjikiza mbale. Nkhalamba ija inazitenga.

"Atsuka ndani?" anafunsa Abiti.

"Ife, mama."

"Ndi miphika yomwe?"

"Ndi miphika yomwe."

Abiti anatsamira pampando, koyamba tsiku lonselo. "Bambo a Asiyatu, itanitsani tiyi."

Tiyiyo anabwera wamkaka, nkhalamba ikumutsanula kuchoka m'kapu ina kupita m'inzake kuchokera pamwamba mpaka atachita thovu. Zonse pamodzi zinakwana K1.80, mtengo wosokera malaya awiri, ndipo sindinadandaule.

Pobwerera tinapeza basi yopita ku Liwonde, kenako ina ya kwathu. Njira yonse Abiti ankalankhula, mpaka kundifunsa za zitseko za pamlatho zija. Ine ndinkaganiza kuti ndinadziwa za Singapo, dziko limene sindidzalipondako, koma zimene zinali mumtima mwa munthu wa m'nyumba mwanga ndinachita kukazimvera ku Balaka, ndi zanganso iye anakazimvera komweko.

Tinafika pa Ntaja dzuwa likulowa. Mkulu wake uja anali akudikira pasiteji, manja ali m'chiuno.

"Bwanji, akakuphunzitsa?"

"Akandipakulira," anayankha Abiti akukonza mpango. "Mwezi wamawa tikupita ya ku Mangochi."

Zimenezo ine ndinazimvera pomwepo, limodzi ndi alamu anga.