Masipika a Mestre Jenuwariyo Anatsala Pang'ono Kutiombetsa Mfuti

Mpaka lero khutu la mlamu wanga limalira, ndipo wolakwa ndi Mestre Jenuwariyo, wokonza mawailesi kuseri kwa msika wa ku Furancungo.

Inali nthawi ya nkhondo. Ndinkayendetsa kamiyau, lole yakale yonyamula mbatata ndi anthu. Ndinapeza wailesi ya kaseti ndi masipika anayi kuchokera ku Malawi. Pempho langa kwa Mestre linali limodzi: awiri m'kabini, awiri kumbuyo, onse azilira mofanana, motsitsa. Msewu wa masiku amenewo sunkafuna phokoso.

Ndinasiya galimoto sete ora, 7 koloko m'mawa. Anati ndibwere masana. Ndinabwera, akudya. Katorze ora, 2 koloko masana, ndinapeza mawaya ali mbwee ngati matumbo a mbuzi, iwo ali pa bawo. Dezasete ora, 5 koloko madzulo, akuti, "Pronto, patrau, yatha bwana! Ntchito ya ku Beira iyi." Ndinati tiyese. Anati batire lingathe. Anangondilozera kabatani: kumanzere kabini, kumanja kumbuyo, basi.

M'mawa mwake ulendo wa ku Chidzolomondo. Kumbuyo anthu khumi ndi asanu ndi anayi, mlamu wanga a Ferenando atatsamira sipika. Injini ikulira ngati chigayo, magalasi nditatseka chifukwa cha fumbi. Ndinaika kaseti. M'kabini kanyimbo kankamveka ngati udzudzu. Ndinakweza. Udzudzu. Ndinapotoza kabatani kumanzere mpaka pothera. Udzudzube. Ndinakweza yonse.

Kumbuyo anayamba kumenya denga. Ine mumtima: ayi, nyimbo yawagwira anthuwa, mpaka ng'oma! Kenako ndinaona amayi m'minda akutaya makasu, liwiro m'tchire. Ndinaganiza kuti aona anthu amfuti. Ndinaponda moto. Denga likumenyedwabe.

Pa kontrolo, poimitsira magalimoto, ndinapeza asilikali onse atagona m'ngalande, mfuti zitaloza ine. Ndinaima. Nditatsegula chitseko, phokoso linandimenya pachifuwa. Gitala ankamveka mpaka kuphiri! Mlamu anali atakulunga mutu m'thumba la mbatata.

Sarijento anakuwa, "Kamarada motorista, mukuitana yani? Mukufuna adani atipeze tonse lero?" Ndinathamangira kabatani kotsitsira mawu. Kanazuka, n'kutsala m'manja mwanga. Sarijento anadula mawaya ndi mpeni wa pamfuti. Chete amene anagwa pamenepo sindidzamuiwala.

Chilango: nditsitse matumba onse, ndikwezenso, ndekha. Maola awiri. Mayi wina wachikulire anasenza mtolo wake nati, "Ndakhala ndikuthawa nkhondo, sindingafere nyimbo yosadziwa n'kuvina komwe." Anapita wapansi.

Nditabwerera kwa Mestre, mukudziwa anati chiyani? Anati masipika a ku Malawi sanazolowere magetsi a kuno. Ndinawaonetsa mawaya: anayi onse atawapotera pamodzi kupita ku masipika a kumbuyo, kabatani kosalumikiza kulikonse. Kanali kokongoletsa? Anayang'ana, nakanda mutu. "Koma analira, eti? Anzanu amabwera kuno chifukwa wailesi sikulira. Inu mukudandaula kuti yalira?"

Pepani sananene. Anandifunsa ngati kaseti ija ndingawabwereke.

Tsono ndamva kuti akadali pomwepo, akuika masipika m'machapa, maminibasi aja. Madalaivala anzanga, mukapitako musachoke osayesa. Batire lithe, palibe kanthu. Akakwere kumbuyo iwowo, atsamire sipika, kokwezera mugwire inu.