Umboni wa Woulutsa Nkhunda

Kwathu ku Kafr Rumeil munthu woulutsa nkhunda sakhala mboni. Akhoza kupemphera kasanu pa tsiku, akhoza kusala mwezi wonse wa Ramadani, koma pa mlandu, ngakhale pa ukwati wa mwana wa mchimwene wake, mawu ake salemera kanthu. Makolo athu anati munthu wotere amakhalira pamwamba pa nyumba kusuzumira akazi a eni m'mabwalo, ndipo nkhunda ya mnzake ikatera pa denga lake amaigwira, n'kulumbira kuti sanaione n'komwe. Tawfiq, woulutsa nkhunda wa kwathuko, sankatsutsa kwambiri, poti nkhunda za eni anagwirapo ndithu, kulumbiranso analumbirapo.

Matenda okonda nkhundawa anamugwira akadali mwana. Bambo ake, amene ankakonza masitovu a palafini pafupi ndi msika, anamukwapula mpaka dzanja linatopa, koma mwana akalira n'kutonthola ankakweranso makwerero. Atakula anatenga ntchito ya bambo akeyo, n'kumaigwira bwino, moti anthu ankamulekerera monga timalekerera chidakwa chodziwa kumanga. Anakwatira Wardeh movutikira, chifukwa apongozi anayamba akana kupereka mwana wawo kwa munthu wa padenga. Mulungu anawapatsa mnyamata, Suheil, kenaka kamtsikana, Rafif.

M'mawa uliwonse dzuwa likamatuluka Tawfiq ankakhala ali kumwamba, ndodo yaitali yomangako nsanza ili m'manja, mbalame zikuzungulira tauni yonse. Pansi Wardeh ankakhala atayala kale buledi ndi maolivi.

"Bambo a Suheil, tsikani, tiyi wazizira! Kapena ndiuze akazi anu a kumwambako akuphikireni wina?"

"Amenewa salongolola, mayi a Suheil."

"Kulongolola salongolola, koma tirigu wa ana anga akutha ndi ndani?"

Ankatsika akuseka. Ankamukonda mkaziyo kwambiri, ngakhale sanamuuzepo ndi pakamwa.

Nkhondo itabwera tonse tinaphunzira phunziro limodzi: ukamva ndege, thamangira ku chipinda cha pansi pa nthaka. Phunzirolo linatipulumutsa kambirimbiri. M'mawa wa tsokalo Tawfiq ali padenga anamva helikopita, ndipo anakuwira pansi kuti, "Mayi a Suheil, tengani ana, tsikirani pansi msanga!" Iye anatsalira, poti mbalame zinali m'mwamba ndipo ankafuna azitsitse kaye. Choncho anaiona yonse: mbali imene inachokera, mtundu wake, chizindikiro cha kumchira, ndi mgolo wachitsulo umene inagwetsa pakona pa msewu wawo. Mgolowo sunaphulike monga mabomba ena. Unangotulutsa utsi wachikasu wonunkha klorini, fungo loluma m'maso ndi pakhosi, ndipo utsiwo sunakwere kumwamba. Unakwawa pansi ngati madzi, n'kulowa m'zipinda zomwe zija tinkabisalamo.

Wardeh, Suheil ndi Rafif anawaika tsiku lomwelo, m'manda amodzi aatali pamodzi ndi anansi ambiri. Tawfiq anatsala ndi chifuwa cholira ngati chitseko chakale, ndiponso ndi mawu amene anakuwa aja, amene sanamusiye tsiku ndi limodzi lomwe.

Otsalafe tinawoloka malire n'kukakhala mu msasa wa mahema. Pa wailesi tinkamva akuluakulu a nkhondo akukankhirana mlandu. Ena ankati kunalibe ndege, ena ankati mgolowo tinauphulitsa tokha kuti dziko litimvere chisoni. Tawfiq akamva zimenezi ankatuluka m'hema n'kukakhala yekha kuseri. Chimene ankafuna pa moyo wake wotsalawo chinali chimodzi: kuti eni helikopita ija atchulidwe dzina dziko lonse likumva.

Patapita nthawi kunabwera gulu la ofufuza ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Mtsogoleri wawo anali mayi wina wa ku Chile, Mayi Valdivia, wamfupi, wa imvi, wa maso otopa. Ntchito yake sinali yongotsimikiza kuti utsi unalipo, poti zimenezo madokotala anali atasonyeza kale. Anabwera kudzafufuza amene anaugwetsa. Anachita lendi nyumba m'tauni ya pafupi ndi msasa, ndipo anatumiza mawu kuti aliyense amene anaona ndi maso ake abwere, alankhule payekha.

Akuluakulu a kwathu anakumana m'hema la Haji Munir, amene kale anali ndi sitolo ya nsalu ndipo mu msasamo ndiye ankatiyankhulira. Anamuitana Tawfiq, n'kumupatsa khofi, chinthu chimene sichinachitikepo.

"Bambo a Suheil, tonse tikudziwa kuti amene anaona ndinu nokha," anatero Haji Munir. "Paja anati wamisala anaona nkhondo. Koma taganizani. Adani athu akadzamva kuti mboni ya Kafr Rumeil ndi woulutsa nkhunda, adzaseka mpaka kugwa pa mipando. Magazi a ana athu adzasanduka nthabwala."

"Ndiye nditani, a Haji? Maso anga ndiwabweze?"

"Masowo muwabwereke aphunzitsi a Adnan. Muwauze zonse, iwo akanene ngati anaona okha. Mawu ndi anu, koma atulukire pakamwa polemekezeka."

Tawfiq anayang'ana pansi. Zinamuwawa, koma sanaone cholakwika, chifukwa moyo wake wonse anthu anamuuza kuti mawu ake ndi mankhusu, ndipo iye anali atavomereza. A Adnan nawo sanali munthu woipa. Anataya mkazi ndi mayi awo tsiku lomwe lija, ndipo anavomera bodzali ndi mtima wofuna chilungamo.

Masiku otsatirawo awiriwa ankakhala kuseri kwa thanki ya madzi, wophunzitsa atasanduka wophunzira. Tawfiq ankafotokoza, a Adnan ankabwereza.

"Ayi, aphunzitsi, si kumanja kwa mzikiti. Kumanzere, pamwamba pa chigayo. Mwaiwalanso?"

"Pepani, bambo a Suheil. Kumanzere, pamwamba pa chigayo."

"Ana a eni mumawakwapulira zomwezi."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu oferedwa. Pofika tsiku lopita, a Adnan ankainena nkhaniyo bwino kuposa mwini wake.

Tawfiq anawaperekeza, n'kutsala panja pa mpanda atakhala pa mwala. Anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. A Adnan atatuluka, malaya anali atanyowa kumsana, ndipo sanafune kumuyang'ana m'maso.

"Zayenda bwanji, aphunzitsi?"

"Mayi uja anamvetsera zonse osandidula. Nditamaliza anandithirira madzi akumwa, n'kundifunsa mofatsa kuti, 'Anthu onse akamva ndege amathawira pansi. Inu munakwera padenga kukatani?' Ndinati ndinkayanika zovala. Anandifunsa za ndani, zingati, zinathera kuti. Kenaka anati anthu ena amuuza kale kuti m'mawa umenewo ndinali ku sukulu, kutsidya la tauni, ndikutulutsa ana. Bodza linandithera, mbale wanga. Ndinaulula."

Haji Munir atamva anati nkhaniyo isiyidwe, tachita kale manyazi okwanira. Koma m'mawa mwake Tawfiq anavala jekete lake lokhalo, n'kupita yekha osatsanzika munthu.

Mayi Valdivia anamulandira. M'chipindamo munali iwo, womasulira wachitsikana, ndi bambo wina wolemba. Tawfiq ananena zonse, ndipo pa funso la padenga lija sanachedwe.

"Ndinkatsitsa nkhunda zanga, mayi. Banja langa ndinalituma pansi, ine ndinatsalira mbalame."

Anamufunsa zambiri: kumene dzuwa linali, kumene mphepo inkalowera, mmene anatsikira, amene anamupeza woyamba. Ankabwerera mmbuyo, n'kulumphira kutsogolo, n'kufunsanso chimodzimodzi mwa njira ina. Tawfiq sanapunthwe, poti munthu sapunthwa m'nyumba mwake. Pomaliza mayiyo anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"A Tawfiq, ndikuuzeni zoona, chifukwa mwayenda mtunda. Ine pandekha ndikukhulupirira kuti munaona. Koma mawu anu ndi omwe aja ndinamva dzulo, liwu ndi liwu, kuchokera kwa munthu amene wavomera kuti anaphunzitsidwa. Amene tikuwafufuzawo ali ndi maloya ochenjera. Adzati tauni inaphika nkhani imodzi n'kuigawira pakamwa pawiri, mboni yoyamba itakanika anatumiza yachiwiri. Ndikaika umboni wanu, adzagwetsa nawo ngakhale zimene madokotala apeza. Pokhapokha pakhale wina amene anaona payekha, amene simunakambirane naye."

"Kumwamba ndinali ndekha, mayi. Ena onse anali anzeru, anali pansi."

"Nanga bwanji simunabwere inuyo poyamba? Ndikanakulembani tsiku lomwelo."

"Ine ndine woulutsa nkhunda."

Womasulira anamasulira, koma mayiyo anangoyang'ana, akudikira kuti Tawfiq amalize. Mtsikanayo, amene anali wa chigawo chathu chomwechi, anachita kuwafotokozera mwambo wonse, akuchita manyazi. Kenaka Mayi Valdivia anatembenukira kwa Tawfiq.

"Palibe lamulo lathu limene limafunsa ngati mboni ili ndi mbalame," anatero motsitsa mawu. "Sindikanafunsa n'komwe."

Pamenepo ndi pamene Tawfiq analira. Pa maliro sanalire, mu msasa sanalire, koma apa analira ngati mwana, chifukwa anazindikira kuti khomo linali lotsegula ndipo analitseka ndi manja ake. Mayiyo sanamutonthoze ndi mawu onama. Anamulonjeza kuti afunafuna njira zina, ndipo ndikukhulupirira kuti anafunafunadi, poti gulu lake linabweranso kawiri mu msasamo. Koma madzi akatayika sawoleka.

Chaka chitatembenuka, zotsatira zinatuluka. M'matauni ena gululo linatchula eni ndege mosabisa. Za Kafr Rumeil linati utsi wakupha unagwiritsidwa ntchito ndithu, koma umboni wodalirika wosonyeza amene anaugwetsa sunapezeke.

Tawfiq anazimva ali pakhomo pa hema lake, akutsegula sitovu ya mayi wina yomwe inatsekeka. Haji Munir ankadutsa ndi anzake kuchokera ku mapemphero a Lachisanu, ndipo anaima. Sanabwere kudzanyoza, ayi. Anabwera kudzapepesa, ndipo anamugwira Tawfiq paphewa mwachifundo.

"Musadandaule kwambiri, bambo a Suheil, munayesetsa. Paja tinakuuzani. Mwapita nokha, mwanena zonse, nanga akulembani? Ngakhale azungu amadziwa kuti woulutsa nkhunda sakhala mboni."

Anzake aja anagwedeza mitu kuvomereza. Tawfiq anatsegula pakamwa kuti awauze zimene mayi uja ananena m'chipinda muja, kuti iye akanamulemba tsiku lomwelo. Anawayang'ana nkhope mmodzimmodzi, anthu amene anakula nawo, ndipo anaona kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene akanamukhulupirira. Anatseka pakamwa, n'kuweramiranso pa sitovu.